Tsiku Limene Adada Anapempha Ali Chiimire

Chaka chimene ndinkasaka malo a atachimenti ndinaonda mpaka siketi kumazungulira m'chiuno. Sikuti kunyumba kunali njala, ayi. Mtedza unalipo, mbatata inalipo, maungu ali mbwee kuseri kwa nkhokwe. Chimene chinkandidya ine ndi foni yosalira.

Ku koleji ndinkaphunzira zamagetsi, ndipo lamulo la kumeneko silinkanyengerera munthu. Usanalowe chaka chomaliza, pa holide yaitali uyenera kukagwira ntchito pamalo enieni, pansi pa injiniya woti akusayinire kuti wakuona ukugwira mawaya ndi manja ako. Ndiyo atachimentiyo. Malowo udzipezere wekha. Ukalephera, anzako amapitirira, iwe n'kutsala pakhomo chaka chathunthu ukudikira holide ina. Aphunzitsi anangotigawira makalata n'kutiuza kuti tiyende bwino, ngati kuti malo amatoledwa m'njira.

Kwathu ndi kwa Kaomba. Magetsi kwathuko timangowaona akudutsa pamwamba pa minda, mapolo ali ndandanda kulowera kuesiteti ya fodya imene tinachita nayo malire. Anthu a pamudzi akamva kuti ndikuphunzira zamagetsi ankaseka: "Ndiye udzayambira nyumba ya adada ako eti?" Kale ndinkaseka nawo, koma chaka chimenecho nthabwala imeneyi inayamba kundinyansa.

Anzanga a ku Kasungu konkuno amene ankachita maphunziro ena, zawo zinayenda myaa. Wa unamwino sanasake n'komwe, sukulu yake inamusankhira chipatala, iye n'kungosita yunifolomu. Wa uphunzitsi anangolowa pasekondale ya kwawo kwa Chulu, ahedi n'kumulandira ndi manja awiri poti ana anali atakhala teremu yonse opanda wowaphunzitsa masamu. A zaulimi ndiye musanene, nyengo ya fodya makampani amachita kuwalimbirana, uyu pa njinga yamoto, uyo pa njinga yamoto. Wa akaunti anali ndi amalume ake ku Lilongwe, anangoimba foni nkhani n'kutha. Ngakhale mnyamata wina wa zamakompyuta, mlesi wotheratu amene ankagona m'kalasi, anapeza kaofesi pa boma. Pagulupu yathu ya pafoni aliyense ankaponya chithunzi atakhala pa desiki, chikhadi chili lende pakhosi. Ine zithunzizo ndinkazionera pachulu cha kuseri kwa chigafa chathu choumitsiramo fodya, pokhapo pamene netiweki imagwira, ndipo ndinkalemba kuti "zabwino zonse asisi" mano ndikukukuta. Nsanje ndinali nayo, sindibisa.

Holide ija inagwa nthawi yosankha fodya. Amene sanalimepo fodya wa bale sadziwa kuti tsamba louma siligwiridwa dzuwa likakwera, limangofumbutuka m'manja. Umalipeza m'mamawa, mame atalifewetsa. Kutsitsa mikangala yopachikapo fodya m'chigafa, kusankha masamba, kuwamanga timitolo totchedwa ndindi, zonsezo ziyenera kutheka dzuwa lisanafike padenga. Likangofika, basi, sambani m'manja mudzaonane mawa. Pakhomo tinalipo adada, amama ndi ine basi, poti achimwene anali atalowera ku Joni. Manja anga ankafunika.

Tsoka lake, mabwana a pa boma ali ngati fodya yemweyo: nawonso amapezeka m'mamawa mokha. Ikangokwana nthawi ya tiyi umva kuti apita kufildi, apita kumsonkhano, apita kukatenga mwana kusukulu. Ndiye kukacha chigafa chinkandifuna, boma linkandifuna, njinga n'kukhala imodzi.

Adada sanadandaule. "Pita, mwanawe," ankatero, "fodyayu tiona ndi amako." Ndinkapalasa kukadali kamdima, mphepo ikucheka makutu, makalata ali m'pulasitiki pachifuwa. Ndinagogoda paliponse pamene ndinaona waya wonenepa ukulowa m'nyumba: ku makampani, ku zigayo zikuluzikulu, ku magalaja. Kambiri ndinkathera pageti. Mlonda amalandira kalata ndi dzanja limodzi, osakuyang'ana, n'kuti, "Tidzakuimbirani." Mayi wina wa pa desiki anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Zamagetsi? Iweyo? Ukwera pholo ndi chitenje?" Ndinamuyankha mumtima mokha, ndipo zimene ndinamuyankhazo sizilembeka. Kwina anandiuza poyera kuti injiniya wosayina alibe, kwina kuti amalandira okhawo amene atumizidwa ndi likulu.

Ndikabwerako dzuwa lili paliwombo, ndinkalephera kukhazikika. Ndikakhala pamphasa, ndadzuka. Ndikatenga tsache, ndalisiya. Pachulu paja ndinapondapo mpaka kupanga kanjira, foni ili m'mwamba, ndikutembenukira uku ndi uku. Ikangolira, mtima phaa, kuyang'ana, ndi uthenga woti ndigule bandulo. Amama ankati, "Iwe, ukukhala ngati nkhuku yofuna kuikira bwanji? Khala pansi, ukutizunguza mutu." Koma masabata ankatha, ndipo ndinkadziwa kuti mwezi umenewo ukatha ndisanayambe, masiku otsala sadzakwana ngakhale nditapeza malo.

Adada anga ndi mkulu wa mpingo, munthu wofatsa, wa jekete limodzi lakuda limene limatuluka Lamulungu ndi pamaliro. Pakhomo pawo mlendo safulumira. Akati odi, amapatsidwa mpando, amapatsidwa madzi, aliyense amabwera kudzamupatsa moni payekhapayekha, kufunsa za ana, za odwala, za mvula ya kumene wachokera. Zonsezo zikatha, mwini khomo ndiye amati, "Tikulonjereni," ndipo pamenepo m'pamene mlendo amamasula chimene wadzera. Asanafunsidwe sanena. Kwa adada, munthu wonena chimene wadzera asanalonjeredwe ndi wopanda mwambo, ndipo wonena ali chiimire ndiye wachita kunyanya. Ndikukumbukira bambo wina amene anafuula ali panjira kuti abwereke nkhwangwa. Adada anamuyankha kuti, "Kodi nkhwangwayo ikuthawa? Bwerani mukhale pansi." Munthu anakhala, anamwa madzi, anafotokoza za chifuwa cha mkazi wake, n'kudzapatsidwa nkhwangwa dzuwa litatentha kale.

N'chifukwa chake adada sankaponda pabwalo la esiteti ija. Kumeneko kulibe mpando wa mlendo. Kuli zenera, ndipo matenanti, mabanja ochokera kutali amene amalima fodya wa mwini esiteti, amaima pamzere ndi matumba awo kudikira chimanga ndi feteleza, aliyense n'kunena zake mofuula kalaliki asanatseke. Adada ankawamvera chisoni anthu amenewo, koma ankati iwo ali ndi munda wawo, sadzaima pabwalo la munthu wina n'kumapempha ngati alibe kwawo. Ifenso ana awo tinakula tikuidziwira kunja kwa waya esitetiyo.

Tsiku lina tikumanga ndindi, adada anafunsa kumene ndinasiyako makalata. Nditatchula kampani ina yoika mapampu oyendera dzuwa, anaimitsa manja. Bwana wa pamenepo ankamudziwa. Anali mwana wa mnzawo wa paubwana amene anamwalira kalekale, ndipo tsiku limene mwanayo ankakayamba sekondale, adada ndi amene anamunyamulira sutikesi pa njinga mpaka pa boma.

"Ameneyo ndi mwana wanga," anatero. "Ndipita ndikamuone."

"Ndipite nanu?"

"Ayi. Za mwana amakamba ndi akulu, mwana palibe."

Ndinavina, ine! Jekete lija ndinalisita ndi mtima wonse, makala ndikuuzira ndekha. M'mawa mwake ananyamuka, ine ndi amama n'kutsala ndi fodya, ndipo tsiku limenelo ndinasankha masamba ndikuimba.

Anabwerako masana, nkhope ili ngwee. Ndinawalandira njinga, ndinawapatsa madzi, ndinadikira kuti avule nsapato, mtima uli dyokodyoko.

"Mwana uja wakula bwino," anayamba. "Mlonda atangomuuza kuti ndabwera, anatuluka yekha kudzanditenga pageti. Mpando wofewa, chakumwa chozizira. Wafunsa za amako, wafunsa za denga la tchalitchi, wafunsa ngati mtengo wa mango wa pabwinja la atate ake ukadalipo."

"Nanga za ine?"

"Sitinafikepo. Foni yake inalira, anamuitana kumsonkhano."

"Koma munanena chimene mwadzera?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Sanandilonjere."

Mayo ine! Ndinatsegula pakamwa, amama n'kunditsina pantchafu. Ndinathawira pachulu paja n'kukalira ndi mkwiyo, foni ili m'manja.

Anapitanso patadutsa masiku, poti ankati kubwerera mawa lake lomwelo kukanaoneka ngati akumuthamangitsa mwana wa eni. Ulendo umenewu anabwera ndi shuga ndi sopo pa kaliyala. Bwana uja anawalandiranso bwino, anacheza za msika wa fodya, za ng'ombe zimene zinafa ndi matenda, kenako kunabwera alendo ena a galimoto, iye n'kutuma munthu kukagula shugayo kuti adada asabwerere chimanjamanja.

"Adada," ndinatero, ndipo tsiku limenelo amama anali patali, "shugayu ndi amene akasayine pepala langa?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe. Munthu uja si chitsiru. Akuona kuti ndabweranso. Adzafunsa."

"Akadzapanda kufunsa? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene tamva m'mimba ndi ife!"

"Miyambi waidziwa liti iwe?" Anaseka pang'ono, n'kulowa m'nyumba kukapachika jekete.

Kuchigafa nako zinthu sizinali bwino. Tsiku lililonse limene adada anavala jekete linali lotayika, kuwonjezera pa masiku amene ine ndinali nditataya kale pa boma. Anzathu a mu kalabu ya alimi anali atadinda mabelo awo pa jeke, akungodikira lole yopita ku okushoni, ife fodya akadali lendelende pa mikangala. Mphepo inayamba kuuma, mame kumachepa, nthawi yofewa tsamba kumafupika. Amama ankamanga ndindi mothamanga, ndipo ine ndinkathyola masamba abwinobwino chifukwa cha phuma. Pagulupu paja anzanga anali atayamba kudandaula kuti ntchito ikuwatopetsa. Kutopa! Foniyo ndinkafuna kuiponya m'chitsime.

Ulendo wachitatu sindinapemphe. Adada akutulutsa njinga anandipeza nditavala kale, nditaima panjira.

"Ukupita kuti?"

"Kumene mukupitako."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza kaliyala ndi chibwano. "Koma ukakhale chete."

Ndinangokwera, osalonjeza.

Anandipalasa ngati kale ndili mwana, jekete likuuluka, akupuma mwamphamvu pa zitunda. Ku ofesi kuja bwana anatilandiradi bwino. Anali bambo wonenepa pang'ono, woseka msanga, ndipo nayenso ankawaitana kuti adada. Ine anandifunsa ngati ndine uja ndinkalira pa ubatizo, tonse n'kuseka. Kenako zinayamba: mvula ya chaka chatha, msewu wokumbika, maliro a uje, ukwati wa uje. Ndinakhala pakona manja ali pamiyendo, ndikuyang'ana khoma pamene panapachikidwa chithunzi cha pampu ndi mawaya ake onse, zinthu zoti ndikanazijambula nditatsinzina. Adada anakhala mowongoka, chipewa chili pabondo, akudikira mawu amodzi aja. Ndinaona bwana akusuzumira foni. Ndinamuona akutseka kompyuta. Atangogwira makiyi a galimoto, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Bwana, pepani, ine ndikusowa malo a atachimenti. Ndikuphunzira zamagetsi. Kalata yanga ndinasiya pageti panu kalekale. Adada akhala akubwerera zimenezi."

Adada sanandiyang'ane. Anayang'ana chipewa chawo.

"Aa!" Bwana uja anakhalanso pansi, makiyi n'kugwera patebulo. "Adada! Bwanji osanena tsiku loyamba lija? Malo ndinali nawo awiri. Womaliza ndamulandira Lolemba lomweli, mnyamata wa kwa Mwase. Ine ndimayesa mwangondisowa, mwabwera kudzandiona."

"Simunandilonjere," anatero adada, motsitsa mawu.

"Adada, muno ndi mu ofesi. Munthu amangofika n'kunena."

Sanali munthu woipa. Anagwira mutu, anaimba foni ku likulu lawo ife tili pomwepo, koma anamuyankha kuti wachitatu sizingatheke, zovala zodzitetezera zatha ndipo galimoto ya kufildi ndi yodzaza kale. Potiperekeza anati malo okhawo amene akuwaganizira ndi esiteti ya kwathu komweko, poti kuli wekishopu, majenereta, mapampu a kudamu, ndi injiniya wa mapepala ake. Koma manijala wa kumeneko ndi watsopano, iye sakumudziwa. Adada atamva mawu oti esiteti anangovala chipewa.

Pobwerera sitinakwere. Adada ankakankha njinga, ine pambuyo, fumbi la malole a fodya likutithira. Tinadutsa msika wonse. Titafika pamene tala amathera, anati, osatembenuka:

"Unalankhula ine ndili pomwepo."

"Eya, ndinalankhula. Ndipo ndikanalankhula tsiku loyamba lija, bwenzi pano ndili pantchito. Ulemu wanuwo wandidyera chaka, adada. Chaka chathunthu! Anzanga adzavala magauni ine ndikumanga ndindi."

Ndinalira mokweza, pamsewu, amayi ogulitsa tomato akundiyang'ana. Adada anaima, anawerama n'kumakonza tcheni cha njinga chimene sichinagwe n'komwe. Atawongoka anapitiriza kukankha. Titafika kunyumba, jekete lija sanalipachike, linangokhala pampando.

M'mawa mwake kunagwa nkhungu imene tinali tisanaione mwezi wonse. Fodya anafewa ngati nsalu. Amama anali kale m'chigafa, akuitana kuti tifulumire, lero ndi lero, tikagwira tonse timaliza mbali yonse ya kumadzulo. Ine ndikumanga chitenje, ndinaona adada atuluka m'nyumba atavala jekete.

"Tenga makalata ako."

"Nanga fodya?" anafunsa amama ali pakhomo la chigafa, masamba ali m'manja.

"Fodya timalima chaka ndi chaka," anatero adada. "Tiye, mwanawe."

Njinga anaisiya. Tinadutsa m'munda mwathu, m'mapesi onyowa, kutsata mapolo a magetsi aja, mpaka pa waya wa malire. Ndinazindikira kumene tikupita, koma sindinakhulupirire mpaka titalowa pageti.

Pabwalo la esiteti panali mzere wautali wa matenanti, amuna ndi akazi, matumba opanda kanthu ali pamapewa, ena akulankhula Chilomwe, ena Chiyao. Ambiri ankawadziwa adada, poti ena ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Anayamba kunong'onezana. Bambo wina anathamanga kukatenga chitini choti akhalire, adada n'kukana ndi dzanja. Anaima pambali pa khomo la ofesi, chipewa chili kumutu, ine pambuyo pawo. Ndinaona kuti nsapato zawo za Lamulungu zanyowa ndi mame mpaka m'masokosi.

Tinaima mpaka nkhungu inayamba kukanganuka. Kenako inatulukira galimoto yoyera, n'kutsikamo manijala. Anali mnyamata, wamng'ono kuposa achimwene anga, foni ili kukhutu, akuyenda mothamanga kulunjika pakhomo. Sanayang'ane aliyense. Ndinati basi, apa palibe chathu, munthu uyu salonjera ngakhale amake.

Adada anavula chipewa n'kuima pakati pa iye ndi chitseko.

"Bwana, ndabwera kudzapempha."

Anatero mokweza, mzere wonse ukumva. Popanda odi, popanda mwadzuka bwanji, ali chiimire pabwalo la eni. "Uyu ndi mwana wanga. Akuphunzira zamagetsi ku koleji. Akufuna malo oti agwire ntchito pa holideyi, injiniya wanu amusayinire. Akapanda kupeza, ataya chaka. Ine ndine wa munda wa kuseri kwa waya wanuwu. Ndikupempha." Zinatuluka zonse motsatana, osapumira, ndipo ndinadziwa kuti akhala akuzibwereza mumtima njira yonse.

Manijala anachotsa foni kukhutu, wodabwa. Anandiyang'ana, anatenga kalata, anaiwerenga mothamanga. Anandifunsa ngati ndinagwirapo jenereta, ndinati eya. Anafunsa ngati ndili ndi nsapato zolimba, ndinati ndipeza. "Malipiro kulibe, mwamva? Abwere mawa m'mawa akaonane ndi injiniya ku wekishopu. Akusowa womuthandiza." Anabwezera foni kukhutu n'kulowa, chitseko n'kutsekeka.

Basi. Nkhani imene inandionditsa ija inatha msanga kuposa kumwa kapu ya madzi. Ndinkayesa kuti ndidumpha, koma sindinadumphe. Adada anali chiimirebe pomwepo, chipewa chili m'manja, akuyang'ana chitseko ngati pali zina zimene zatsala. Anthu a pamzere anayang'ana kumbali, ndipo ndinawathokoza mumtima chifukwa cha zimenezo. Ndinagwira mkono wa jekete. "Adada, tiyeni. Zatheka."

Tinabwerera njira yomweyo, dzuwa litakwera, mapesi atauma kale. Ndinati zikomo, iwo anangoti mm. Titawoloka waya anaima.

"Munthu uja sindinamupatse moni."

"Palibe kanthu, adada. Sanaone n'komwe."

"Ine ndaona." Anapukuta chipewa ndi chikhatho ngakhale chinalibe fumbi. "Mawa ukakafika, usanagwire chilichonse, ukayambe wamupeza. Ukamuuze kuti adada akuti mwadzuka bwanji, nanga a kunyumba ali bwanji. Ukanene kuti ndi moni wa dzulo."

Apa ndiye ndinalira zenizeni, osati za mkwiyo zija.

Kunyumba tinapeza amama atakhala pakhonde, atasiya ntchito. Adada analowa m'chigafa ndi jekete lomwelo, anagwira tsamba limodzi, tsambalo n'kufumbutuka m'manja mwawo. Nkhungu ngati imeneyo sinabwerenso chaka chimenecho. Lole ya kalabu inapita popanda mabelo athu, ndipo fodya wathu anakalowa ku okushoni kumapeto, ogula atakhuta kale.

Mawa lake la tsiku lopempha lija ndinavala nsapato za achimwene, nditapanikiza nyuzi kutsogolo kuti zindikwane, n'kupita. Ndisanafunse kumene kuli wekishopu, ndinadikira galimoto yoyera ija pakhomo. Manijala atatsika ndinapinda maondo n'kupereka moni monga ndinatumidwira, mawu onse, mpaka a kunyumba ali bwanji.

Anandiyang'ana, foni ili m'manja. "Adada ako ndi ati?"

Ndinamukumbutsa. Anati, "Oo, chabwino," n'kundilozera ku wekishopu.

Madzulo ndinabwerera manja ali bii ndi girisi, ndikununkha dizilo. Adada anali pakhonde akusoka chiguduli. Anandipatsa mpando, ine mwana wawo, anauza amama kuti andipatse madzi, anafunsa za injiniya, za majenereta, ngati ndinadya. Kenako anafunsa, maso ali pa singano:

"Moni uja unapereka?"

"Ndinapereka, adada."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza kusoka. Zoti munthuyo anayankha chiyani sanandifunse. Ine, poti sindinafunsidwe, sindinanene.